Chibayo ndi Fuluwenza pa Migodi ya ku Umtali

Njanji yochokera ku Beira inafika ku Umtali m'chaka cha 1898, mzinda umene kuyambira 1982 ukutchedwa Mutare. M'zaka zotsatira amuna ambiri a ku Nyasalande anadza kudzafuna ntchito m'dera limeneli. Ankayenda pansi masabata angapo kudzera ku Tete, nafika ali olema ndi oonda pa migodi ya golide ya ku Penhalonga. Kumeneko anakomana ndi chibayo.

Munthu ankatuluka mu mgodi thukuta lili kamukamu, chisanu cha m'mapiri nkumuomba, nakagona mothithikana ndi anzake m'komboni, zofunda zili zopereŵera. Posakhalitsa thupi linkatentha, m'nthiti nkumabaya, mpweya nkumabanika. M'migodi ya Southern Rhodesia nthenda imeneyi inapha antchito ambiri koposa ina iliyonse. Ku South Africa imfa zinachuluka kotero kuti mu 1913 boma linaletsa migodi kulemba anthu ochokera kumpoto, monga ku Nyasalande.

Ena ankati ndi mphepo, ena ankati ndi ufiti. Komatu mu 1881 Louis Pasteur ku France ndi George Sternberg ku America anali atapeza kale kachilombo kosaoneka ndi maso, kotchedwa Streptococcus pneumoniae, kamene madokotala anatsimikiza pambuyo pake kuti ndiko kamayambitsa chibayo chochuluka. Kamakhala m'mphuno ndi pakhosi ngakhale pa munthu wolimba. Thupi likafooka ndi njala kapena kutopa kamatsikira m'mapapo, ndipo timatumba ta mpweya timadzaza madzi ndi mafinya.

Tsoka lalikulu linagwa mu Okotobala 1918. Fuluwenza inaloŵa m'dziko ndi sitima za pamtunda zochokera ku South Africa, niyenda ndi njanji kuchokera ku Bulawayo kufikira Salisbury ndi Umtali. Antchito ambiri anathaŵa m'makomboni, ena nafera pa njira ya kwao. Madokotala a nthaŵi imeneyo ankaganizira kachilombo kamene Richard Pfeiffer anapeza mu 1892, koma mu 1933 akatswiri a ku London anaonetsa kuti gwero la fuluwenza ndi vairasi. Kafukufuku wa mu 2008 anasonyeza kuti ambiri mwa omwalira pa mliriwo anatsirizidwa ndi chibayo: vairasi inkavulaza njira za mpweya, mabakiteriya nkupeza poloŵera.

Chithandizo chinafika mochedwa. Penisilini anayamba kufala m'zaka za m'ma 1940, ndipo katemera woteteza ana ku chibayo anayambika ku Malaŵi mu 2011 ndi ku Zimbabwe mu 2012.

Midzi ya kwao inatcha ambiri a amuna aja machona, poyesa kuti anaiŵala akazi ndi ana. Koma ena mwa iwo sanachone ayi: anagona m'manda opanda maina, kalata ya maliro osafika kumudzi. Mipingo ya Sinodi ino, imene inakula pakati pa anzao otsala, iyenera kuwakumbukira, ndi kulimbikitsa makolo kuti zidzukulu za amuna amenewo zilandire katemera amene iwo sanamuone.