Kuchokera ku Misala Kufika ku Chainama: Mbiri ya Mawu Onena za Matenda a Maganizo ku Chipata

Munthu akaima pa msika wa Kapata mu Chipata n'kutchera khutu mmene anthu amanenera za mnzawo amene mutu wake sukuyenda bwino, amamva mayina anayi: wamisala, wopenga, wofunta, ndi "wa ku Chainama". Atatu oyambawo ndi akale. Lachinayi ndi dzina la chipatala cha ku Lusaka chimene chinatsegulidwa mu 1962. M'nkhani ino tikufuna kulondola mmene dzina la nyumba linasandukira dzina la matenda. Mfundo yathu ndi yakuti Chinyanja sichinasowepo mawu onena za kuvutika kwa m'maganizo, koma lamulo ndi chipatala cha atsamunda zinatola liwu limodzi lokha, la misala, n'kusiya ena onse kumudzi.

Tiyambe ndi kapangidwe ka mawuwo. Munthu amadwala misala monga momwe amadwalira malungo, ndipo wodwala amayembekezeka kuchira. Koma tikati "wamisala", matenda aja asanduka dzina la munthu, ndipo dzina silichoka ndi mankhwala. Mneni wakuti kupenga ali ndi phunziro lina. Msintho wake wochititsa, kupengetsa, umamveka kawirikawiri m'ziganizo monga "anamupengetsa ndi abale ake". Apa chinenero sichikufunsa kuti matendawo ndi otani. Chikufunsa kuti wachititsa ndani. Max Marwick, amene anafufuza pakati pa Achewa a m'boma la Fort Jameson m'zaka za pakati pa 1946 ndi 1953, anaonetsa m'buku lake la 1965 kuti tsoka likagwa, anthu ankaloza ufiti makamaka pakati pa achibale a bere limodzi amene anali ndi mkangano. Misala inkawerengedwa motero: inali chizindikiro chakuti pabanja pali mlandu wosatha.

Komatu misala inali mathero a msewu wautali. Munthu asanafike kumeneko, chinenero chinali ndi mawu ambiri, ndipo ochuluka mwa iwo amazungulira pa mtima. Mtima umasweka, umawawa, umapsa, umakhala m'mwamba. Munthu amataya mtima, ndipo anzake amamuuza kuti aukhazike pansi. Onani kuti m'mawu onsewa mtima uli ngati chinthu chimene chachoka pamalo pake ndipo chingabwezedwepo. Njira zoubwezera zinaliponso. Kugona pa maliro, kupepesa ofedwa ndi mwambo wa kumeta sizinali ulemu wa wakufa wokha. Zinali kuonetsetsa kuti wosweka mtima asakhale yekha, ndiponso kumuikira tsiku loti chisoni chiyambe kuchepa. Kumpoto, pakati pa Atumbuka a ku Lundazi, wovutika ndi mizimu ankavinitsidwa vimbuza, ndipo Ansenga anali ndi mashawe. Sitikunena kuti kale zonse zinali bwino. Wodwala wolusa ankamangidwa, ndipo wa khunyu ankasalidwa poopa kuti matenda ake ndi opatsirana, chikhulupiriro chimene n'cholakwika.

Boma la atsamunda linafika ndi funso lina. Silinafunse za mtima, kapena za mlandu wa pabanja, pakuti lamulo la ufiti la 1914 linaletsa ngakhale kuloza mfiti. Linkafuna kudziwa chinthu chimodzi: kodi munthuyu ndi woopsa kapena wosokoneza mtendere? Ku Nyasaland malo osungirako odwala misala anatsegulidwa mu 1910 monga mbali ya ndende ya ku Zomba, ndipo Megan Vaughan analemba mbiri yake mu 1983. Ku Northern Rhodesia kunalibe chipatala chachikulu chotere kufikira 1962. Odwala ankasungidwa m'ndende kapena m'zipinda zapambali m'zipatala, ndipo ena ankatumizidwa kutali ku Ingutsheni, ku Bulawayo, kumene kunatsegulidwa mu 1908. Lamulo la 1949 la matenda a misala linapereka mphamvu kwa mejisitireti ndi wapolisi, ndipo linagawa odwala ndi mawu a Chingerezi monga idiot ndi imbecile. M'maganizo athu, apa ndi pamene mawu anachepera. Womasulira wa m'khoti ku Fort Jameson ankafunika yankho la inde kapena ayi, ndipo "mtima wake uli m'mwamba" si yankho limene mejisitireti akanalemba.

Chainama inali chitukuko chenicheni. Odwala sanatumizidwenso kunja kwa dziko, ndipo pansi pa madokotala monga Alan Haworth anthu a m'Zambia anayamba kuphunzira ntchito yosamala odwala maganizo. Koma kwa munthu wa ku Chipata, Lusaka ili pa mtunda woposa makilomita 500. Wopita kumeneko anali amene banja lalephera, ndipo ankasowa kwa miyezi. N'chifukwa chake dzinalo linalowa m'chinenero monga chitonzo ndi chiopsezo. Ana amanyozana nalo m'makalasi mwathu mpaka lero.

Kusintha kwa lamulo kunayambira pa mawu omwewo. Mu 2017, pa mlandu umene Gordon Mwewa ndi anzake anasumira boma, Khoti Lalikulu linagamula kuti mayina onyoza a m'lamulo la 1949 ndi osemphana ndi malamulo oyendetsera dziko, ndipo mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano. Pa wailesi ndi m'zipatala tsopano timamva "matenda a maganizo", mawu aulemu amene amabwezera wodwala kwa mneni kudwala.

Ntchito imene yatsala ndi ya ife omasulira ndi aphunzitsi. Matenda amene Chingerezi chimati depression ambiri amawamasulira kuti kukhumudwa. Koma kukhumudwa, kumene tsinde lake ndi la kupunthwa phazi, kumafuna chokhumudwitsa, ndipo kumatha munthu akapepesa. Ofufuza a ku Zimbabwe anapeza kuti odwala awo ankati kufungisisa, ndipo liwuli linalembedwa m'buku la madokotala a maganizo a ku America mu 2013. Lofanana nalo kwathu ndi kuganiza kwambiri. Mayi amene sagona tulo ndipo chakudya sichimukomera, namwino akamufunsa ngati wakhumudwa, angayankhe moona kuti palibe amene wamulakwira. Akafunsidwa ngati akuganiza kwambiri, kapena kuti mtima wake uli bwanji masiku ano, amayamba wakhala chete, kenako n'kukonza chitenje chake kuti afotokoze.