Mbiri ya Nchito ku Makokola ndi Kumwera kwa Nyanja

Makokola ndi malo a m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, m'boma la Mangochi, pa mseu wocokera pa Boma kunka ku Monkey Bay. Mlendo wofikako masiku ano amaona mcenga woyera, milambe ikuluikulu ndi nyumba zokongola zogonamo alendo. Koma akangotuluka kunja kwa mipanda amapeza mabwato, makoka oyanikidwa, ndi anyamata ambiri ali cikhalire pamthunzi dzuwa lili paliombo. Ena osadziwa mbiri amafulumira kunena kuti anthu a kunyanja ngaulesi. Mau otere alibe cilungamo. Pa zaka zoposa 130 anthu a dera limeneli akhala akugwira nchito zolemetsa ndi zoopsa, kwao ndi kutali komwe. Cobvuta cao cakhala cimodzi: nchito ya malipiro inali kudza ndi alendo, ndipo inali kucoka tsiku limene eni ace anafuna, wanchito osafunsidwa.

Kale Azungu asanabwere, eni gombe anali Anyanja, ndipo nchito zao zinali usodzi ndi ulimi. Amuna anali kusema mabwato ndi kuluka maukonde a bwazi. Akazi anali kulima mapira ndi cimanga, ndi kuwamba nsomba. Munthu akalemedwa ndi munda anali kufulula mowa wa dima, anansi nadzamthandiza. Pakati pa zaka za m'ma 1800 kunafika Ayao kucokera kum'mawa, ndipo mafumu ao amphamvu, monga Mponda, Makanjira ndi Jalasi, anatenga ulamuliro wa dziko la kumwera kwa nyanja. Iwowa anali anthu a malonda. Magulu ao anali kuyenda miyezi yambiri kunka ku Kilwa, kugombe la nyanja yamcere, atasenza minyanga ya njobvu ndi kukusa akapolo, nabwerako ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. David Livingstone anafika kwa Mponda m'caka ca 1866 malondawa ali pacimake. Malonda a akapolo anali oipa kopanda cowiringula, ndipo anapasula midzi yambiri. Koma maulendowo anasiya mwambo umodzi umene ulipobe: mwamuna amene anayenda kutali nabwera ndi katundu anali kulemekezedwa koposa wokhala pamudzi.

Malipiro anayamba kuoneka m'caka ca 1875, pamene amishoni a ku Scotland anafika ku Cape Maclear ndi kasitima kao ka Ilala. Iwo analemba anthu odula nkhuni za sitima, omanga nyumba ndi olima, nawalipira nsalu. Zimenezi sizinakhalitse, pakuti malungo anawasautsa amishoniwo, ndipo m'caka ca 1881 anasamukira ku Bandawe. Kusintha kwakukulu kunadza m'caka ca 1891, pamene Harry Johnston anamanga linga pa mtsinje wa Shire moyang'anana ndi mudzi wa Mponda, linga limene linapatsa Boma la Mangochi dzina lace lakale la Fort Johnston. Nkhondo zolimbana ndi mafumu Aciyao zinafika mpaka 1895, ndipo zitatha, maulendo a ku Kilwa anafa. Amuna ozolowera ulendo anatsala manja ali lende.

Boma latsopanolo linafuna ndalama, ndipo Azungu a minda ya khofi ku mapiri a Blantyre ndi Zomba anafuna anchito. Msonkho wa nyumba ndiwo unakwaniritsa zofuna ziwirizi. M'caka ca 1894 unali masheleni 3 pa caka. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 unakwezedwa kufika pa masheleni 6, koma panaikidwa lamulo lakuti munthu wogwira nchito kwa Mzungu mwezi wathunthu alipire theka lokha. Malipiro a mwezi wonsewo anali ngati masheleni 3 omwewo, kotero kuti munthu anali kukhetsa thukuta masiku 30 nabwerera kwao atanyamula kapepala ka msonkho kokha. Msodzi amene anadzaza bwato lace ndi nsomba, kapena mlimi amene anadzaza nkhokwe yace, pamaso pa lamuloli sanawerengedwe wanchito ai. Apa mpamene liu lakuti nchito linayamba kutanthauza cinthu cimene munthu amacitira mlendo. Lamulolo linathetsedwa m'caka ca 1921, koma ganizolo linatsala m'mitima ya anthu.

Komabe masiku amenewo anthu a kumwera kwa nyanja anali ndi mwai umene ena analibe, pakuti Fort Johnston linali dooko lalikulu la nyanja yonse. Katundu wocokera ku Blantyre anali kusenzedwa pamutu ndi amtengatenga kufika ku Matope, kucoka apo nakwera Shire pa masitima ang'ono mpaka pa Boma. Sitima ya Boma ya Guendolen, imene inayamba kuyenda m'caka ca 1899, ndi ya amishoni ya Chauncy Maples ya 1901, zinabwera zidutswazidutswa kucokera ku Ulaya, ndipo zinalumikizidwa konkuno ndi manja a anthu a konkuno. Motero panabadwa amalinyero, osonkhezera moto m'masitima, akalipentala ndi amisiri a zitsulo, makamaka ku mishoni ya Malindi. Nkhondo ya 1914 inaculukitsa nchito, koma inali nchito yowawa. Mu Ogasiti caka cimeneco Guendolen inakaononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, kumene lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania, ndipo kuyambira pamenepo zakudya ndi zida za asilikari zinali kudzera panyanja. M'dziko lonse amuna pafupifupi 200,000 anatengedwa kukasenza katundu wa nkhondo, ambiri mokakamizidwa, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Mzinga wa Guendolen uli pafupi ndi nsanja ya wochi pa Boma la Mangochi. Amtengatenga amene anafa alibe mwala wolembedwa maina ao pamenepo.

Cakudza siciimba ng'oma. Madzi a m'nyanja anatsika, ndipo kuyambira ca m'ma 1915 kufikira ca m'ma 1935 Shire anatsekeka ndi mcenga ndi zomera, masitima nalephera kudutsa. Pamene madzi anabwerera, njanji inali itafika kale ku Chipoka ndi ku Salima m'caka ca 1935, ndipo katundu anayamba kudzera kumeneko. Nchito za masitima zinasamukira ku Monkey Bay, kumene Ilala yaciwiri inalowa m'madzi m'caka ca 1951. Fort Johnston anasanduka Boma lacete la kumathero a mseu.

Pali cinthu cina cimene cinacepetsa mwai wa anthu a dera limeneli. Pa nthawi ya Azungu masukulu pafupifupi onse anali a mishoni, ndipo Ayao ambiri anali atalowa Cisilamu. Makolo anaopa kuti ana ao akatembenuzidwa, kotero anawatumiza ku madarasa okha. Mantha aowo sanali opanda cifukwa, koma mtengo wace unali waukulu: ukalaliki, uphunzitsi ndi nchito za m'maofesi zinapita kwa anthu a maboma ena, pamene ana a kunyanja analowa usilikari, upolisi, utelala ndi ukhukhi m'nyumba za Azungu.

Otsalawo anayang'ana kumwera. Bungwe lolemba anthu a ku migodi ya golide ya ku Joni, limene anthu analizolowera ndi dzina lakuti Wenela, linayamba kulemba anthu a ku Nyasaland m'caka ca 1903. Ambiri anafa ndi cibayo cifukwa ca kuzizira, ndipo m'caka ca 1913 Boma la South Africa linaletsa kulemba anthu a maiko otentha. Ciletsoco sicinatseke njira, pakuti amuna anali kupitabe okha wapansi, ena ku Halale, ena ku Joni komweko. Komiti ya Travers Lacey ya 1935 inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo ambiri a iwo anali machona osatumiza kalata kapena ndalama. Poyamba anthu a kumpoto ndiwo anaculuka pa maulendowa, koma Wenela atabwerera kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 a kumwera kwa nyanja analowamo ambiri. Pa mwambo wa cikamwini munda ngwa mkazi ndi mbumba yace, ndipo mwamuna ndi mlendo pamudzi. Cifukwa ca ici mwamuna anali kucoka mosabvuta, koma khasu, nkhwangwa, ana ndi msonkho zonse zinagwera mkazi. Mabuku a Boma anawerenga amuna amene anapita. Nchito ya akazi amene anatsala sinalembedwe.

Wolemba nchito mmodzi yekha amene sanasamuke ndiye nyanja. Mbali ya nyanja imene Makokola ali ndi yosaya ndi yacakudya cambiri, ndipo ndiyo inali kwao kwa cambo. Pamene minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje inadzaza ndi anchito, nsomba zouma zinapeza msika, ndipo amuna anali kuzinyamula pa njinga masiku angapo kukagulitsa kumeneko. Awa anali malonda a eni dziko, oyamba ndi nzeru zao. Koma m'zaka za m'ma 1930 abale Acigiriki a banja la Yiannakis anayamba usodzi waukulu m'madzi omwewa, ndi magalimoto otengera nsomba ku Blantyre ndi ku Halale, ndipo m'zaka za m'ma 1940 anabweretsa makoka akulu ozinga nsomba pakati pa nyanja. Mafumu ndi asodzi anadandaula kuti alendo akutha nsomba. Boma linaitana akatswiri: Bertram, Borley ndi Trewavas m'caka ca 1939, ndi Rosemary Lowe amene anafufuza za cambo kuyambira 1945 mpaka 1947. M'caka ca 1968 kampani ya Maldeco inalowa m'malo mwa Agiriki, ndipo usodzi wa makoka okokedwa ndi maboti a injini unayamba.

Pakati pa eni dziko pomwe usodzi unasintha. Maukonde a nailoni amene anafika m'zaka za m'ma 1950 anali olimba, koma anali ogula, osati oluka. Amene anatha kuwagula kawirikawiri anali obwera kucokera ku Joni kapena ku Halale. Motero pagombe panaoneka magulu awiri, mwini ukonde ndi alovi ace. Mlovi salandira malipiro a pamwezi. Nsomba zikagulitsidwa amayamba acotsa zimene zaonongedwa pa ulendo, mwini natenga gawo lace, zotsalazo alovi nagawana. Usiku umene cilimila cabwera copanda kanthu, kapena masiku amene mwera waomba, mlovi amabwerera kunyumba cimanjamanja.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 obwerera kwao anafa. Dr. Kamuzu Banda analetsa Wenela nthawi yomweyo, ndipo m'zaka ziwiri amuna oposa 100,000 anabwerera kumudzi. Ena analowa m'minda ikuluikulu ya fodya, monga ya ku Namwera, kumene malipiro anali kutali ndi a ku migodi. Ambiri anatsikira kunyanja. Kulemba kunayambanso pang'ono m'caka ca 1977 m'dzina la TEBA, koma kunatheratu m'caka ca 1988 pa mkangano wa kuyeza anchito kacirombo ka HIV. Munthu wa ku Makokola sanafunsidwe potsegula njirayo, ngakhale poitseka.

Za alendo oona malo zinayesedwa kale, pamene ndege zotera pamadzi za BOAC zinali kuima ku Cape Maclear m'zaka za 1949 ndi 1950, koma zinatha msanga. Pambuyo pa ufulu panamangidwa Nkopola Lodge, ndipo m'zaka za m'ma 1980 Club Makokola ndi bwalo lace la ndege. Mahotelawa analemba ophika, ocapa, alonda ndi osamala maluwa, napatsa msika osema ziboliboli ndi oluka zipewa za mlaza. Nchito zimenezi nzabwino kwa amene anazipeza, koma nzowerengeka, ndipo zaudindo zimafuna masatifiketi. Ndiponso mahotela ndi nyumba zopumuliramo anthu acuma zinatenga mbali yaikulu ya gombe, pamene kale asodzi anali kukokera makoka ao.

Nyanja nayo inatopa. Pa nyanja ya Malombe cambo cinaculuka kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980, koma pofika m'ma 1990 cinali citatsala pang'ono kutheratu, cifukwa ca makoka a maso ang'onoang'ono monga nkaca amene amakokolola ndi ana omwe. M'caka ca 1993 Boma linakhazikitsa makomiti a m'midzi oyang'anira magombe, koma nkobvuta kuuza munthu wopanda nchito ina kuti apacike ukonde. Tsopano usipa ndiwo ukudyetsa midzi, ndipo akazi ndiwo amaugula pagombe, kuuyanika pa matandala ndi kuutengera ku misika ya Limbe ndi Lilongwe.

Pa kalembera wa nthawi ya Azungu palibe amene akanalota ciwerengero ca lero. Wa 2018 anapeza anthu oposa 1,100,000 m'boma la Mangochi. Cifupikitsireni kutha kwa tsankho ku South Africa m'caka ca 1994, anyamata a m'bomali akhala akupita ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town pa mabasi odzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge. Safunanso migodi, amagwira nchito m'masitolo, m'mafakitale osoka zobvala ndi m'nyumba za anthu. Wenela, ndi zoipa zace zonse, anali kupereka pangano lolembedwa, ulendo wobwerera ndi gawo la malipiro lolandirira kumudzi. Wopita yekha alibe zimenezi. Ambiri amakhala mobisala ziphaso zao zitatha, ena amatsekeredwa ku Lindela nabwezedwa, ndipo pa zipolowe zothamangitsa alendo za 2008 ndi 2015 mabasi obweza Amalawi anadzaza ndi anthu a ku Mangochi. Patapita miyezi yowerengeka ambiri a iwo anali atabwereka ndalama kwa abale, nakweranso basi ya ku Joni.