Fumbi la matabwa: chifukwa chake akalipentala ayenera kuligwira lisanafike m'mapapo

Mukadutsa pa Migowi, pa Chiringa kapena pa boma la Phalombe masana, phokoso la makina ochekera matabwa limamveka patali. Zitseko, mafelemu, mabedi ndi madesiki a m'sukulu zimatuluka m'mashedi amenewa. Koma pamodzi ndi ndalama, makinawa amatulutsanso fumbi limene mmisiri ndi anyamata ake amapuma tsiku lonse. Njira yodalirika yodzitetezera ndi kuligwira fumbilo pomwe likutulukira, lisanamwazike.

Kodi utuchi ndi fumbi n'chimodzi?

Ayi. Utuchi umene mumauona pansi ndi wolemera, umagwa msanga. Choopsa ndi fumbi losalala kwambiri, lochepa kuposa mamaikuromita 10, pamene tsitsi limodzi la munthu limanenepa pafupifupi mamaikuromita 70. Fumbi lotere silioneka pokhapokha kuwala kwa dzuwa kukalowa pa kabowo ka lata. Limatha kuyandama mumpweya kwa maola angapo makina atazimitsidwa kale, ndipo limadutsa m'mphuno mpaka m'timachubu ta m'mapapo.

Limayambitsa matenda ati?

Poyamba munthu amayetsemula, maso amafiira, mphuno imatsekeka ngati chimfine chosatha, ndipo ena khungu limayabwa. Pakapita nthawi, ena amayamba mphumu. Bungwe loona za chitetezo pantchito ku Britain, la Health and Safety Executive, limati akalipentala ali pachiopsezo chodwala mphumu kanayi kuposa antchito ena m'dzikolo.

Palinso khansa. M'zaka za m'ma 1960, madokotala a ku England anaona kuti khansa ya m'kati mwa mphuno, yomwe siichitikachitika, inali yochuluka pakati pa opanga mipando a m'tauni ya High Wycombe. Mu 1995, nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO inaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zomwe n'zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Chiopsezochi n'chachikulu pa mitengo ya gulu lolimba, ndipo mlombwa, mbawa ndi bulugamu zili m'gulu limeneli. Fumbi la paini nalonso limayambitsa mphumu. Khansayi imatha kuonekera patatha zaka 20 kapena kuposerapo, mwina munthu atasiya kale ntchito.

Fumbi limachokera pati pa makina?

Pa makina a tebulo, sowo yozungulira imayenda maulendo 3,000 mpaka 4,000 pa mphindi. Mano ake amatengera utuchi wambiri kunsi kwa tebulo, koma wina amabwera nawo kumbuyo n'kuuponya pamwamba, molunjika pachifuwa ndi pankhope pa wocheka. Choncho malo ofunika kugwira fumbi ndi awiri: pansi pa tebulo ndi pamwamba pa sowo.

Pansi, tchingani mbali zonse ndi pulayiwudi kuti pakhale ngati bokosi, kenako mulumikize paipi yopita ku makina okoka fumbi. Musatseke ndithyithyi: siyani mpata woti mpweya uzilowa, chifukwa mpweya woyenda ndi umene umanyamula fumbi, komanso mota imafunika kuzizira. Pamwamba, chotchinga sowo chisachotsedwe. Chimateteza zala, ndipo chikakhala ndi kapaipi kake chimagwira fumbi lomwe likanapita kumaso.

N'chifukwa chiyani makina ena okoka fumbi sathandiza?

Mphamvu yokoka imatha msanga. Mukayesa kuzimitsa kandulo pouzira zimatheka muli patali, koma pokoka mpweya sizitheka. Pa paipi ya masentimita 10 m'mimba mwake, mukangotalikira masentimita 10 kuchoka pakamwa pake, liwiro la mpweya limatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Ndiye kamwa la paipi liyandikire sowo.

M'kati mwa paipi, mpweya uyenera kuthamanga pafupifupi mamita 20 pa sekondi kuti utuchi usakhazikike n'kutseka njira. Paipi yaitali, yokhotakhota kapena yopapatiza imafooketsa makina. Thumba losefera likakhala la nsalu wamba, limagwira utuchi koma fumbi losalala limalibwezera m'shedi. Ngati sefa yabwino palibe, thumbalo likhale panja, kutali ndi zenera, nyumba za anthu ndi ogulitsa zakudya.

Nanga wopanda ndalama zogulira makinawa?

Pali zomwe mungachite lero. Chekerani pamalo opita mphepo, ndipo muime mphepo ikuchokera kumbuyo kapena m'mbali mwanu kuti fumbi lizikuthawani. Ngati muli ndi fani, iikeni pazenera izitulutsa mpweya kunja, khomo la mbali ina lili lotsegula. Kuilozetsa pa makina kumangomwaza fumbi.

Nolani sowo, chifukwa yobuntha imapera thabwa m'malo molicheka. Posesa, wazani kaye madzi pang'ono kutali ndi mawaya a magetsi, ndipo musadzipemerere ndi kompuresa. Zovala zantchito zisapite kunyumba kumene ana angazikumbatire. Ana asamasewere mu utuchi.

Masiki ndi chitetezo chomaliza, osati choyamba. Yansalu kapena ya buluu ija ya nthawi ya Covid-19 imasiya mipata m'mbali. Funani yolembedwa N95, FFP2 kapena FFP3, yogwira bwino nkhope. Ndevu zimailepheretsa kumata.

Mupite liti kuchipatala?

Musadikire ngati mukutsokomola kwa milungu iwiri, mukubanika usiku, m'chifuwa mukulira ngati kaweruwe, kapena mukupeza bwino Lamulungu n'kuyambiranso Lolemba. Chizindikiro chomalizachi chimaloza kuntchito. Mphuno yotsekeka mbali imodzi yokha, kamfuno wobwerezabwereza kapena kusamva fungo nazo zimafunika dokotala.

Ku Phalombe mungayambire pa chipatala chaching'ono cha kwanu, cha boma kapena cha Holy Family. Nenani ntchito yanu ndi zaka zomwe mwaigwira. Pemphaninso kuyezedwa chifuwa chachikulu, chomwe m'zipatala za boma amayeza ndi kuchiza mwaulere.

Kwa eni mashedi, lamulo la dziko lino la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro pantchito limapereka udindo woteteza antchito kwa wolemba ntchito. Mnyamata amene mwamuika kumbuyo kwa makina kuti azilandira thabwa akupuma fumbi lomwelo, ndipo ali ndi zaka zambiri zoti alipume.