Masiku a viza akatha munthu ali kunja: malamulo ndi thandizo la ofesi ya kazembe

Munthu aliyense wolowa m'dziko la eni amapatsidwa masiku owerengeka oti akhalemo. Masikuwo amalembedwa pa viza, kapena pa chidindo chimene wa imigireshoni amadinda m'pasipoti pachipata cholowera. Tsiku lolembedwalo likadutsa munthu asanatuluke, malamulo a dzikolo amamuyesa wokhalamo popanda chilolezo, ngakhale kuti analowa mwa njira yoyenera.

Nkhaniyi imakhudza ngakhale madera akutali ndi Lusaka, monga kwa Mfumu Chikwa m'boma la Chama. Bomali lili m'malire ndi dziko la Malawi, ndipo linabwerera m'chigawo cha Kum'mawa m'chaka cha 2021 litakhala zaka khumi m'chigawo cha Muchinga. Anthu a m'chigwa cha Luangwa chimenechi, amene ambiri mwa iwo ndi Asenga, akhala akuyenda maulendo kuyambira kale: ena kukaona abale ku Malawi, ena kukagula katundu ku Tanzania kudzera pa Nakonde, ndipo ena kukafuna ntchito kumaiko akummwera. Makolo ankatcha munthu wopita osabwerako kuti mtchona. Masiku ano ena amachedwa kubwerera kwawo chifukwa masiku a m'pasipoti anatha kale ndipo akuopa kufika pachipata.

Kulowa popanda viza kuli ndi malire

Nzika za Zambia zimalowa m'maiko ambiri oyandikana nalo popanda kupempha viza. Zimenezi zasokoneza anthu ena, amene amaganiza kuti popeza sanafunsidwe viza ndiye kuti angakhale kufikira pamene afunira. Zoona zake n'zakuti chidindo cha pachipata ndicho chilolezo, ndipo chili ndi tsiku lothera.

Ku South Africa, munthu wa pasipoti ya Zambia amaloledwa kucheza masiku osapitirira 90 pa chaka, pamene wa pasipoti ya Malawi amapatsidwa masiku 30. Wa imigireshoni ali ndi mphamvu yolemba masiku ochepera pamenepo. N'chifukwa chake woyenda ulendo ayenera kuwerenga chidindo asanachoke pawindo. Chilolezo cha mlendo sichipatsanso munthu ufulu wolembedwa ntchito.

Anthu okhala m'malire amadziwanso chikalata cha boda pasi, chimene chimawalola kuoloka kwa nthawi yochepa. Chikalatachi n'cha maulendo apafupi, ndipo sichilowa m'malo mwa pasipoti kwa munthu wofuna kupitirira mpaka mizinda yakutali.

Chilango chake ku South Africa

Lamulo loona za anthu olowa ndi kutuluka ku South Africa ndi la nambala 13 la chaka cha 2002. Kale munthu wopitiriza masiku ankalipira chindapusa potuluka n'kuloledwa kudzabweranso. Zinthu zinasintha pa 26 May 2014, pamene malamulo atsopano anayamba kugwira ntchito. Kuyambira pamenepo, wopitiriza masiku amalembedwa pachipata kuti ndi munthu wosafunika m'dzikomo, ndipo amaletsedwa kulowanso.

Wopitiriza masiku osaposa 30 amaletsedwa kwa miyezi 12. Wobwereza mlandu womwewo mkati mwa miyezi 24 amaletsedwa kwa zaka ziwiri. Wopitiriza masiku oposa 30 amaletsedwa kwa zaka zisanu. Choncho munthu amene wachedwa ndi sabata imodzi akathamangira kuchipata, chilango chake chimakhala chaka chimodzi, koma akazengereza mwezi n'kutha, chimafika zaka zisanu.

Zimenezi ndi za munthu amene watuluka yekha. Wogwidwa m'kati mwa dziko akhoza kuimbidwa mlandu m'khoti, ndipo lamulo limalola chindapusa kapena ndende kufikira zaka ziwiri. Oyembekezera kubwezedwa kwawo kawirikawiri amasungidwa ku Lindela, malo amene ali ku Krugersdorp kufupi ndi Johannesburg. Lamulo silimalola kusunga munthu woyembekezera kubwezedwa kwa masiku oposa 120. M'chaka cha 2017, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linagamula kuti munthu womangidwa kuti abwezedwe kwawo ayenera kukaonekera pamaso pa khoti pasanathe maola 48.

Wofuna kuonjezera masiku ku South Africa amapereka pempho lake ku unduna wa Home Affairs kudzera m'maofesi a VFS Global. Malamulo a 2014 amafuna kuti pempholo liperekedwe kudakali masiku 60 chilolezo chisanathe. Tanthauzo lake n'lakuti munthu amene wapatsidwa masiku 90 ayenera kupempha m'mwezi woyamba, osadikira sabata yomaliza.

Maiko ena

Dziko lililonse lili ndi malamulo ake. Ku United Arab Emirates, kumene kuli mzinda wa Dubai, chilango chimawerengedwa tsiku ndi tsiku. M'chaka cha 2022 boma la dzikolo linaika chindapusa cha madirham 50 pa tsiku lililonse lopitirira, ndipo pa miyezi isanu ndi umodzi ngongoleyo imafika madirham pafupifupi 9,000. Nthawi zina bomalo limalengeza chikhululuko. Kuyambira pa 1 September mpaka pa 31 December 2024, anthu amene zikalata zawo zinatha analoledwa kuzikonza kapena kutuluka osalipira chindapusa. Chikhululuko chotere sichichitika chaka ndi chaka, ndipo si chinthu choti munthu azidalira.

Ku United States, lamulo la chaka cha 1996 limati munthu amene wakhala popanda chilolezo masiku oposa 180 akatuluka saloledwa kubwerera kwa zaka zitatu, ndipo amene wakhala chaka chathunthu kapena kuposa saloledwa kwa zaka khumi.

Kupitiriza masiku kumavutitsanso anthu ena amene sanalakwe. M'mwezi wa August 2025, boma la United States linatchula Zambia ndi Malawi kukhala maiko oyamba amene nzika zawo zopempha viza ya alendo kapena ya malonda zinayenera kupereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, chobwezedwa munthu akatuluka pa nthawi yake. Chimodzi mwa zifukwa zimene bomalo linapereka chinali chiwerengero cha anthu opitiriza masiku. M'mwezi wa December chaka chomwecho, maiko awiriwa anaikidwanso pa mndandanda wa maiko amene nzika zawo zinachepetseredwa mitundu ya viza yolowera m'dzikolo.

Zimene ofesi ya kazembe imachita

Dziko la Zambia lili ndi maofesi a kazembe m'mizinda monga Pretoria, Lilongwe, Dar es Salaam, Harare, Gaborone, Maputo, Windhoek, London ndi Washington, komanso maofesi othandiza nzika ku Lubumbashi ndi ku Dubai. Maofesi onsewa ali pansi pa unduna woona za ubale ndi maiko akunja ku Lusaka.

Ntchito yothandiza nzika zili kunja imatsatira pangano la maiko limene linasainidwa mumzinda wa Vienna m'chaka cha 1963. Ndime 36 ya panganoli imati mlendo akamangidwa ali ndi ufulu wopempha kuti ofesi ya dziko lake idziwitsidwe mosachedwa, ndipo amene ammanga ayenera kumuuza za ufuluwu. Akuluakulu a ofesiyo amaloledwa kukamuona, kulankhula naye ndi kumthandiza kupeza loya. Ufuluwu suchoka chifukwa chakuti masiku a munthuyo anatha.

Thandizo lalikulu kwa munthu wofuna kubwerera kwawo ndi chikalata choyendera. Pasipoti ikatayika, ikabedwa kapena ikatha ntchito, ofesi ya kazembe imatha kupereka chikalata chapadera chotchedwa Travel Document of Identity, chimene munthu amayendera pobwerera ku Zambia. Isanapereke, ofesiyo imayamba yatsimikiza kuti munthuyo ndi nzikadi ya Zambia. Apa m'pamene chitupa cha NRC chimathandiza kwambiri, chifukwa pa chitupacho pamalembedwa nambala, mudzi, mfumu ndi boma limene munthu amachokera. Ngati pasipoti yabedwa, kalata ya apolisi a kumaloko imafunikanso.

Kutsimikiza unzika kumafunika ngakhale kwa osungidwa ku malo ngati Lindela, popeza boma silingabweze munthu kudziko limene silinamuvomere kuti ndi wake. Munthu wobisa dzina lake lenileni kapena wonama za dziko lochokera amadzitalikitsira yekha masiku okhala m'malo osungira anthu.

Ofesi ya kazembe ikhozanso kudziwitsa abale kumudzi ngati mwini wake wavomera, kufotokoza ofesi ya imigireshoni imene munthu ayenera kupitako, ndi kuthandiza pa zikalata ngati pachitika maliro.

Zimene ofesiyo singachite

Kazembe ndi mlendo m'dziko limene akugwiramo ntchito, ndipo sangasinthe malamulo ake. Sangaonjezere masiku m'pasipoti, chifukwa mphamvu imeneyo ili ndi imigireshoni ya dzikolo. Sangafafanize chiletso, sangalamule apolisi kuti amasule munthu, ndipo sangasinthe chigamulo cha khoti. Kawirikawiri ofesiyo silipirira munthu chindapusa, loya kapena tikiti ya ulendo. Ndalama zotere zimachokera kwa mwini wake kapena kwa abale. Pali nthawi zina pamene bungwe la maiko onse loona za anthu osamuka la IOM limathandiza anthu ovutikitsitsa kubwerera kwawo mwa kufuna kwawo, makamaka amene anagwa m'manja mwa ozembetsa anthu.

Masiku akatha kale

Munthu akazindikira kuti masiku ake atha, choyamba ndi kuwerenga bwino kuti apitirira angati, popeza m'maiko ambiri chilango chimakula ndi kuchuluka kwa masiku. Kenako asonkhanitse umboni wa chimene chamchedwetsa, monga kalata ya dokotala, kalata ya maliro, kalata ya apolisi, tikiti ya ulendo umene unalephereka, kapena lisiti loonetsa kuti anapempha kuonjezera masiku nthawi idakalipo. Atatero alankhule ndi ofesi ya kazembe, makamaka ngati alibe pasipoti, ndipo atulukire pachipata chovomerezeka.

Umboniwu umagwira ntchito ngakhale munthu atafika kale kumudzi. Ku South Africa, woletsedwa amapatsidwa chikalata pachipata, ndipo lamulo limamlola kulembera unduna wa Home Affairs kupempha kuti chiletsocho chichotsedwe ngati pali chifukwa chomveka. Chikalatacho chiyenera kusungidwa bwino, ndipo pempho lilembedwe msanga.

Ngozi yaikulu ili kwa anthu amene amalonjeza kukonza pasipoti pa mtengo wakutiwakuti. Ena amatenga mapasipoti a anzawo kukawadinditsa pachipata eni ake asanayende, ena amadinda zidindo zabodza. Zipata zambiri tsopano zimasunga maina a olowa ndi otuluka m'kompyuta, ndipo chidindo chosagwirizana ndi zolembedwamo chimaonekera. Mlandu wa chikalata chabodza ndi waukulu kuposa wa kupitiriza masiku. Chimodzimodzinso kutulukira njira zachidule: munthu amafika kwawo, koma m'mabuku a dziko lija amaoneka ngati sanatuluke, ndipo vutolo limadzamupeza paulendo wotsatira.

Palinso anthu amene masiku awo amatha chifukwa bwana anawalanda pasipoti. Pasipoti ya Zambia ndi chuma cha boma la Zambia, ndipo wolemba ntchito alibe ufulu woisunga mokakamiza. Wolandidwa pasipoti, woletsedwa kutuluka panyumba kapena wogwiritsidwa ntchito osalipidwa ayenera kudziwitsa ofesi ya kazembe, chifukwa zimenezi zikhoza kukhala mlandu wa kuzembetsa anthu. Dziko la Zambia lili ndi lamulo loletsa mchitidwewu kuyambira chaka cha 2008.

Udindo wa abale kumudzi

Kwa banja la kwa Chikwa, kupeza chikalata mwadzidzidzi si chinthu chapafupi. Maofesi a boma ali ku Chama, likulu la chigawo lili ku Chipata, ndipo m'nyengo ya dzinja misewu ya m'chigwa imavuta kudutsa. Kukonzekera kuyenera kuchitika munthu asananyamuke. Woyenda ulendo asiye kunyumba zithunzi za chitupa cha NRC ndi za tsamba la pasipoti lokhala ndi nkhope yake, ndipo zina azisunge m'foni. Abale adziwe dziko ndi mzinda umene wapita, dzina la womlandira ndi tsiku limene chilolezo chake chidzathe. Wokakhala nthawi yaitali ndi bwino kuti akalembetse dzina lake ku ofesi ya kazembe atangofika.

Mbale akasiya kuimba foni kapena zikamveka kuti wamangidwa, banja likhoza kukafotokoza nkhaniyo ku unduna woona za ubale ndi maiko akunja, litatenga dzina lake lonse, tsiku lobadwa, nambala ya NRC ndi malo amene anamvekera komaliza. Banja lisafulumire kutumiza ndalama kwa munthu wosadziwika amene waimba foni kunena kuti akhoza kumasula mbaleyo. Liyambe lafunsa ofesi ya kazembe ngati n'zoona kuti wamangidwa, ndiponso kuti ali kuti.

Manyazi amasunga anthu ambiri kunja. Munthu amaopa kufika kumudzi chimanjamanja pamene abale anagulitsa mpunga kapena mbuzi kuti ampezere ndalama ya ulendo. Banja limene limauza mwana wawo kuti akhoza kubwera ngakhale alibe kanthu limamthandiza kutuluka masiku opitirira asanachuluke, chiletso chidakali chachifupi ndiponso asanagwidwe.