Mzere wa Bresenham ndi Malire a ku Mchinji

Phunziro loyamba la kujambula zithunzi pa kompyuta limaoneka lachibwana: kulemba mzere wowongoka. Komatu galasi la kompyuta ndi timadontho tondandalikana ngati mapando a chimanga, ndipo mzere wopendekeka nthawi zambiri umagwera pakati pa timadontho tiwiri. Pamenepo pulogalamu iyenera kusankha: kam'mwamba kapena kam'munsi?

Njira imene tinaphunzira ku yunivesite ku Zomba anaitulukira ndi Jack Bresenham wa kampani ya IBM mu 1962, ndipo inasindikizidwa mu 1965. Iye ankafuna kuyendetsa cholembera cha makina ojambula papepala. Poti makompyuta a nthawiyo ankachedwa pogawa manambala, anapeza njira yongophatikiza ndi kuchotsera manambala athunthu, n'kumasunga kanambala kosonyeza mmene timadontho tapatukira pa mzere weniweni. Kupatukako sikupitirira theka la kadontho.

Ine wa ku Mchinji, polemba pulogalamuyi ndinkaganiza za mzere wina. Boma lathu linkatchedwa Fort Manning, dzina la William Manning, msilikali wa ku Britain amene anamenya nawo nkhondo yogonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898. Kutsidya kunali Fort Jameson, Chipata wa lero. Malire a pakatipa atsamunda sanawalembe ndi rula. Anati atsate mtunda wogawa madzi: mvula yotsikira ku Bua mpaka kunyanja ndi ya Nyasaland, yotsikira ku Luangwa ndi ya Northern Rhodesia.

Papepala lamuloli n'lomveka bwino, kuposa ngakhale la Bresenham. Koma kwathu kuli malo ena athyathyathya moti madziwo amachita kuima, osadziwa kolowera. Pamalo otere munthu ndiye anasankha, mudzi uwu uku, dimba ilo uko, ndipo panalibe kanambala komuuza kuti wapatuka. Anagawidwawo ndi amodzi: Achewa amene amakakumana ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, ndi Angoni amene amakavina Ncwala ku Mtenguleni.

Tsiku lina nditaimaliza pulogalamu yanga, ndinaiyesa polumikiza madontho awiri amene ndinawatcha Mchinji ndi Chipata. Mzere unatuluka m'kuphethira kwa diso. Njanji yeniyeni inafika ku Mchinji mu 1980, koma kachigawo kotsala kokafika ku Chipata kanatsegulidwa mu 2010.