Banki ya Sikisipensi ya ku Ruthwell

Kamudzi ka m'mbali mwa nyanja

Ruthwell ndi kamudzi ka kummwera kwa dziko la Scotland, pakati pa matauni a Dumfries ndi Annan. Kali m'mphepete mwa nyanja yamchere, pamalo otchedwa Solway Firth. Zaka zoposa 200 zapitazo anthu ambiri akumeneko anali osauka. Ankagwira ntchito m'minda ya eni malo, ndipo malipiro awo ankathera pakamwa.

Nthawi imeneyo dziko la Britain linali pankhondo ndi France. Nkhondoyo inatenga zaka zambiri ndipo mitengo ya chakudya inakwera. Bambo akadwala kapena akakalamba, banja lonse linkagwa m'manja mwa mpingo, kudikira chithandizo cha amphawi.

Abusa amene ankadziwa ntchito ya banki

Mu 1799 ku Ruthwell kunafika mbusa wachinyamata, dzina lake Henry Duncan. Anabadwa mu 1774 ku Lochrutton, kufupi ndi Dumfries, ndipo bambo ake analinso abusa. Asanalowe ubusa anagwirapo ntchito ku banki ya Heywood mumzinda wa Liverpool. Ntchitoyo sinamukomere ndipo anaisiya, koma anachokako akudziwa kulemba mabuku a ndalama komanso mmene chiwongoladzanja chimabadwira.

Abusa a Duncan sanali munthu wongoonekera pa guwa Lamulungu. Zokolola zitavuta, anaitanitsa chimanga pa sitima kuchokera ku Liverpool, kumene kunali abale awo, n'kumagulitsa kwa anthu pa mtengo umene anagulira. Amayi anawapezera fulakesi woti azipota ulusi. Anadzutsanso bungwe lothandizana pa matenda ndi maliro limene linali litazilala m'mudzimo. Mu 1809 anayambitsa nyuzipepala ku Dumfries, yotchedwa Dumfries and Galloway Courier.

Koma mtima wawo sunakhazikike. Iwo ankakhulupirira kuti kulandira zopatsidwa chaka ndi chaka kumamuvula munthu ulemu. Ankafuna kuti wosauka akhale ndi kanthu kakekake.

Khomo lotseka

Mabanki analipo, ngakhale ku Dumfries komweko. Vuto linali lakuti munthu wofuna kutsegula buku ankayenera kubwera ndi mapaundi 10. Kwa waganyu, ndalama zimenezi zinali zosafikirika. Akatsala ndi kandalama ankangokabisa m'nyumba, kumene wakuba akanatha kukapeza, kapena mwini wake n'kukadya tsiku la msika. Kandalama kobisa sikabala.

Pa 10 Meyi 1810 abusa a Duncan anatsegula banki m'kanyumba kamene bungwe lothandizana lija linkasonkhanamo. Pano mapaundi 10 sankafunika. Munthu ankatha kutsegula buku ndi sikisipensi imodzi.

Achikulire amene anagwirapo ndalama ku Malawi chisanafike chaka cha 1971, pamene kwacha inayamba, akuikumbukira sikisipensi. Inali theka la sheleni, ndipo paundi imodzi inali ndi masheleni 20. Choncho mapaundi 10 anali masikisipensi 400. Khomo limene linkafuna 400 tsopano linkatseguka ndi imodzi yokha.

Bokosi la maloko atatu

Anthu sanathamangire. Wosauka ali ndi chifukwa chokayikira aliyense amene akumuuza kuti abweretse ndalama zake, ngakhale atakhala mbusa. Nanga abusawo akadya? Nanga mwini malo akamva kuti waganyu wake ali ndi chosunga, sadzakweza lendi?

Abusa a Duncan sanakwiye nako kukayikaku. Anapeza bokosi lolimba la maloko atatu, ndipo makiyi ake anawagawa kwa anthu atatu. Bokosilo silikanatseguka popanda onse atatu kukhalapo. Amayi a banki m'khonde masiku ano akuidziwa bwino nzeru imeneyi, poti bokosi lawonso limakhala ndi maloko atatu ndi osunga makiyi atatu.

Chaka choyamba anthu anasunga mapaundi 151. M'chaka chachinayi ndalama zimene zinalowa zinafika mapaundi 922. Mantha anali atayamba kutha.

Phindu linkachokera kuti?

Apa ndiye pagona nkhani ya Ruthwell. Malo osungitsako ndalama za osauka analipo kale kwina. Ku Hamburg, m'dziko la Germany, anayamba mu 1778. Ku Tottenham, pafupi ndi London, mayi wina dzina lake Priscilla Wakefield anayambitsanso ake. Koma malo ambiri otere ku Britain ankadalira anthu olemera a mtima wabwino kuti awonjezere phindu kuchokera m'thumba mwawo. Wolemerayo akatopa kapena akamwalira, ntchito inkagwedezeka.

Abusa a Duncan anakonza zoti banki idziimire yokha. Masikisipensi onse ankawaphatikiza n'kupita nawo ku British Linen Bank ku Dumfries. Munthu mmodzi sakanakwanitsa mapaundi 10, koma mudzi wonse pamodzi unkawapitirira kutali. Banki yaikuluyo inkapereka chiwongoladzanja cha mapaundi 5 pa mapaundi 100 aliwonse pachaka. Osunga a ku Ruthwell ankalandira 4. Paundi imodzi yotsalayo ndiyo inkayendetsa ntchito, kuwonjezera mphoto kwa amene asunga nthawi yaitali, ndiponso kuthandiza ovutikitsitsa.

Chiwongoladzanja chinkawerengedwa pa mapaundi athunthu okha. Munthu wa masheleni 19 ankadziwa kuti akawonjezera sheleni imodzi, ndalama zake ziyamba kubala. Lamulo limeneli linkakoka anthu kuti abwerenso.

Ntchito yolemba mabuku ankaigwira abusa eni ake. Malipiro amene akanalandira pa ntchitoyo anamangira sukulu ina m'dera lawo.

Malamulo okhwima

Banki imeneyi inali ndi mbali yake yowawa. Munthu asanalandiridwe, ankayamba afufuza khalidwe lake. Amene walephera kusunga masheleni 4 pachaka ankalipira chindapusa cha sheleni imodzi. Abusa ankati akuphunzitsa anthu mwambo wosunga, ndipo cholinga chawo chinali chabwino. Komabe chindapusa chotere chimagwera munthu amene chaka chamuvuta kale. Mayi wamasiye amene ana ake adwala dzinja lonse sanafunikire chilango.

A ku Edinburgh atatsegula banki yawo patapita zaka zochepa, anasiya zambiri mwa zimenezi. Kumeneko munthu ankangobwera, kusunga, ndi kutapa akafuna. Matauni ambiri anatengera njira yofewayi, ngakhale kuti dzina la woyambitsa linatsalira kwa abusa a Duncan.

Mbiri iwanda

Nyuzipepala ija inagwira ntchito yake. Abusa analemba za bankiyo, anthu akutali anawerenga, makalata anayamba kufika ku Ruthwell ofunsa mmene angayambire. Mu 1815 abusa anasindikiza kabuku kofotokoza dongosolo lonse. Pasanathe zaka khumi mabanki otere anali atamera m'matauni ambiri a Scotland, England ndi Ireland.

Mu 1817 Nyumba ya Malamulo ku London inakhazikitsa lamulo loti mabanki osungitsako ndalama a ku England azipereka ndalamazo m'manja mwa boma. Abusa a Duncan sanafune kuti lamuloli lifike kwawo, chifukwa mabanki a ku Scotland ankapereka kale phindu labwino. Anapita okha ku London kukalankhula ndi aphungu. Mu 1819 Scotland inalandira lamulo lakelake, lolola kuti ndalama zizisungidwabe m'mabanki a konko.

Abusa asiya nyumba

Mu 1839 abusa a Duncan anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa msonkhano waukulu wa mpingo wa Church of Scotland. Patangopita zaka zinayi mpingowo unagawanika. Mkangano unali wakuti: ndani asankhe mbusa, akhristu kapena mwini malo? Mu 1843 abusa oposa 400 anatuluka n'kuyambitsa Free Church of Scotland. A Duncan, ali ndi zaka pafupifupi 70, anatuluka nawo. Anasiya tchalitchi, malipiro, nyumba ya abusa ndi munda wokongola umene anaukonza kwa zaka zoposa 40. Anamwalira mu Febuluwale 1846, atadwala mwadzidzidzi akuchititsa mapemphero.

Mpingo umene analowawo ndi womwe unatumiza amishoni a Livingstonia, amene anafika ku Cape Maclear pa Nyanja ya Malawi mu 1875.

Banki yaing'ono ilowa m'zazikulu

Chaka chomwecho cha 1875, banki ya ku Ruthwell inasiya kuyenda payokha. Mabuku ake anasamutsidwira ku banki yosungitsako ndalama ya ku Annan. Mudzi unali waung'ono, ndipo tauni inali pafupi.

Zimene zinachitikira Ruthwell zinadzachitikiranso anzake. Mabanki a m'matauni anapitiriza kuphatikizana mpaka anapanga gulu limodzi lalikulu lotchedwa TSB. Mu 1974 kanyumba ka ku Ruthwell kanasandutsidwa malo osungiramo zinthu zakale za mabanki otere. Mu 1986 TSB inagulitsidwa kwa ogula masheya, ndipo mu 1995 inaphatikizana ndi banki ya Lloyds.

Banki imodzi yokha inakana kulowa m'gululi. Inali ya m'tauni ya Airdrie, kum'mawa kwa Glasgow, imene inatsegulidwa mu 1835. Inapitiriza kutumikira anthu a m'dera lake, yopanda eni masheya, kwa zaka zoposa 180. Mu 2017 oyendetsa ake analengeza kuti ndalama zofunika potsatira malamulo atsopano a mabanki zawakulira, ndiponso kuti anthu obwera ku nthambi zake achepa. Osunga anauzidwa kuti asamutsire ndalama zawo kwina, ndipo chaka chomwecho bankiyo inatseka.