Gulugufe wotchedwa Bicyclus anynana

Bicyclus anynana ndi gulugufe wamng'ono wofiirira wa m'nkhalango ndi m'tchire za kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, kuno ku Malawi komwe. Amakonda malo a mitengo ndi udzu, onga m'tsinde mwa mapiri a Mulanje ndi Michesi pamene chigwa cha Phalombe chimayambira. Za maluwa alibe nazo ntchito. Amauluka chapansipansi m'mithunzi, kuyamwa madzi a zipatso zakugwa, ndipo mbozi zake zimadya udzu. Amene anamulemba koyamba m'mabuku a sayansi ndi Arthur Butler, mu 1879.

Chomutchukitsa n'chakuti maonekedwe ake amatsata nyengo. Wa m'dzinja amakhala ndi madontho aakulu onga maso kunsi kwa mapiko, cham'mphepete. Chiswamphika chikamumbwandira chimalunjika pa madonthowo, iye n'kuthawa ndi phiko long'ambika koma thupi lili bwinobwino. Wotuluka mvula itatha, cha mu Epulo ndi Meyi, madontho ake amachepa mpaka osaoneka bwino, ndipo mapiko amafanana ndi tsamba louma. Akatera pa masamba oyoyoka n'kupinda mapiko, mbalame zimangomudutsa. Nyengo imeneyi madontho aakulu akanangomuulula.

Gulugufe wa chilimweyu safulumira kuswana. Amakhala miyezi ingapo akudikira mvula ya mu Novembala, kuti mazira aikidwe pa udzu wanthete. N'chifukwa chake moto wa osaka mbewa ndi wodandaulitsa: umapsereza masamba omwe iye amadalira pobisala.

Chimene chimasankha maonekedwewa ndi kutentha kumene mbozi imakumana nako ikatsala pang'ono kusanduka. Akatswiri akalera mbozi pa madigiri 27 amapeza agulugufe a madontho aakulu. Pa madigiri 19 amatuluka ofanana ndi tsamba, ngakhale mayi wawo akhale mmodzi. Khalidwe nalo limasintha: m'dzinja amuna ndiwo amafunsira, pamene m'chilimwe akazi nawonso amalondola amuna.

Zambiri mwa izi zinadziwika kudzera mwa agulugufe a ku Malawi. Mu 1988 agulugufe aakazi pafupifupi 80 anatengedwa ku Nkhata Bay kupita ku yunivesite ya Leiden ku Netherlands, kumene Paul Brakefield ndi anzake anawasunga. Zidzukulu zawo zinafalikira m'mayunivesite a ku Ulaya, America ndi Singapore, kumene mbozi amazidyetsa masamba a chimanga, agulugufe aakulu n'kumawapatsa nthochi.